Kupeza x pa 2 sin x + 1 = 0

Mwafunsa njira yopezera x pa 2 sin x + 1 = 0, x ali pakati pa 0° ndi 360°. Mafunso otere ophunzira a Giredi 12 kuno ku Lusaka amakumana nawo pokonzekera mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia.

Musanayambe, calculator yanu ionetse D kapena DEG, kutanthauza kuti ikuyeza ngodya m'madigiri. Iyeseni ndi sin 30: ikupatseni 0.5. Ikatulutsa −0.988, ili pa RAD (muyezo wina wa ngodya), isintheni.

1. Siyani sin x payekha: 2 sin x = −1, ndiye sin x = −0.5.

2. Minus muiike kaye pambali. Dinani SHIFT, sin, 0.5, mupeza 30°. Sin⁻¹ (yomwe mwadina ndi SHIFT, sin) si 1 kugawa ndi sin ayi, ikungokuuzani ngodya yomwe sin wake ndi 0.5.

3. Jambulani mtanda wa zigawo zinayi. Sin amakhala wa minus m'chigawo chachitatu (180° mpaka 270°) ndi chachinayi (270° mpaka 360°).

4. Chachitatu: 180° + 30° = 210°. Chachinayi: 360° − 30° = 330°.

Apa ndi pomwe ambiri amatayira mamakisi. Sin⁻¹ imapereka yankho limodzi basi, la pakati pa −90° ndi 90°. Wodina sin⁻¹(−0.5) apeza −30°, n'kulemba yomweyo, chonsecho −30° sili pakati pa 0° ndi 360°, ndipo 210° yatsala osaiona. Chonde mtandawo musaudumphe, ngakhale nthawi ikuthereni.

5. Tsimikizani: sin 210 ndi sin 330 zonse zitulutse −0.5.

Funso likakhala la sin 2x, sakani ngodya mpaka 720°, kenako mugawe iliyonse ndi 2.