Felemu ya kaboni musaimange ngati ya kabaza

Amene mwagula njinga ya m'mapiri ya kaboni (ulusi wolimba koma wopepuka womatidwa pamodzi, osati chitsulo) yotsikirapo mtengo, chonde samalani pomanga mabawuti. Chitsulo chimapindika n'kukuchenjezani, koma kaboni amangosweka. Mabawuti a pa handulo ndi a pachogwirira chishalo amafuna torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, nthawi zambiri 4 mpaka 6 Nm (muyeso wa mphamvuyo). Nambala yake imalembedwa pomwepo, iwerengeni. Dzanja lokha limanamiza.

Chishalo chikamatsika chokha, musawonjezere kumanga ndipo musapake girizi. Pakani phala lotchedwa carbon paste pa paipi ya chishalo, lili ndi timchenga tomwe timagwira popanda kufinya felemu.

Mukagwa nayo, itsukeni kaye matope kenako gogodani pang'onopang'ono ndi ndalama yachitsulo, makamaka pansi pa felemu pomwe miyala imamenya. Pabwino pamalira ngwee. Pakamveka mogontha, kapena pakafewa mukadina ndi chala, musakwerenso mpaka wodziwa aione.

Potsika ku Ku Chawe pa phiri la Zomba musagwire mabuleki njira yonse, amatentha n'kusiya kugwira. Gwirani mwamphamvu, siyani, gwiraninso. Kutsogolo ikani disiki ya buleki ya 180 mm, ndipo nyengo ya mvula sankhani mapadi a mabuleki a sintered (achitsulo), chifukwa a resin (ofewerapo) amatha msanga m'matope. Mafuta a tcheni asadonthere pa disiki.