Mmene Mungakonzekerere Kukaphunzitsa Chingerezi M'dziko Lina

Munthu amene akufuna kukaphunzitsa Chingerezi kunja amakonda kuyamba ndi kusankha dziko limene lamusangalatsa, kenako n'kumafufuza ntchito kumeneko. Ndi bwino kuyambira kwina: tengani pasipoti yanu, mufufuze maiko amene malamulo awo amalola mwini wa pasipoti yotere kugwira ntchito ya uphunzitsi wa chinenerochi. Zimenezi zimapulumutsa miyezi yambiri ndiponso ndalama, chifukwa pali maiko amene khomo lake limatsekedwa ndi lamulo, ngakhale munthu atakhala wodziwa Chingerezi kuposa amene akumufunsa mafunso a ntchito.

Chitsanzo chodziwika ndi South Korea. Viza yophunzitsira chinenero kumeneko imatchedwa E-2, ndipo kwa aphunzitsi a Chingerezi imaperekedwa makamaka kwa nzika za maiko asanu ndi awiri, omwe ndi United States, Canada, United Kingdom, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Ndondomeko ya boma yotchedwa EPIK, imene inayamba mu 1995 ndipo imatumiza aphunzitsi m'sukulu za boma, nayonso imatsamira pa mndandanda womwewo. Ine ndimaona kuti kuyeza luso la mphunzitsi poyang'ana chikuto cha pasipoti yake si chilungamo, koma lamulolo lilipo, ndipo ejenti amene angakulonjezeni kuti adzakulowetsani mozemba akukuikani m'mavuto amene iye sadzakhala nawo.

Ku Japan zinthu ndi zosiyana. Ndondomeko ya boma yotchedwa JET, imene inayamba mu 1987, imalandira anthu ochokera m'maiko ambiri kudzera ku maofesi a kazembe wa Japan, ndipo imafuna digiri yoyamba ya phunziro lililonse. Kunja kwa ndondomekoyi, viza ya mphunzitsi wa m'sukulu imafuna umboni wakuti munthu anaphunzira kwa zaka 12 m'chinenero chimene akufuna kukaphunzitsacho. Apa ndi pamene munthu amene maphunziro ake onse anawachita m'Chingerezi, ngakhale kuti si chinenero cha kwawo, amapeza mpata, malinga akhale ndi makalata ochokera kusukulu zimene anaphunzirako. Ku Thailand aphunzitsi ochokera m'maiko osiyanasiyana amalembedwa ntchito, koma amene sachokera kumaiko otengedwa ngati eni chinenero amafunsidwa zotsatira za mayeso a Chingerezi monga TOEIC kapena IELTS. Ku China viza yoyenera ndi ya Z, ndipo muyenera kudziwa kuti kuyambira mu Julaye 2021 boma la kumeneko linaika malamulo okhwima pa sukulu zapadera zophunzitsa ana akaweruka, moti ntchito zambiri zimene zinkapezeka m'sukulu zoterezi zinatha.

Mukadziwa maiko amene mungapiteko, ganizirani za mapepala a maphunziro. Pafupifupi kulikonse digiri yoyamba ndi imene akuluakulu oona za anthu olowa m'dziko amaiyang'ana, pamene satifiketi yophunzitsira Chingerezi ndi imene eni sukulu amaiyang'ana. Masatifiketi amenewa amadziwika ndi dzina lakuti TEFL kapena TESOL, koma dzinali lilibe mwini, kotero aliyense akhoza kutsegula tsamba pa intaneti n'kuyamba kuwagulitsa. Olemba ntchito ambiri amafuna maphunziro a maola osachepera 120. Masatifiketi awiri amene amalemekezedwa kwambiri ndi CELTA ya Cambridge ndi CertTESOL ya Trinity College London. CELTA imatenga masabata anayi kapena asanu kwa munthu wophunzira tsiku lonse, ndipo mkati mwake muli maola asanu ndi limodzi ophunzitsa ophunzira enieni pamaso pa mlangizi amene amalemba zolakwa zanu zonse n'kukuuzani pambuyo pake. Maola asanu ndi limodzi amenewo ndiwo amasiyanitsa maphunzirowa ndi aja otsika mtengo ongodina mayankho pa kompyuta. Ngati ndalama sizikulolani kuchita CELTA, sankhani maphunziro ena amene ali ndi gawo lophunzitsa pamaso pa mlangizi, ngakhale likhale lalifupi.

Chimene chimadya nthawi kwambiri ndi kutsimikizira zikalata. Dziko limene mukupita silingokhulupirira digiri yanu poiona. Limafuna chidindo chosonyeza kuti ndi yeniyeni. Maiko amene anasainira Pangano la ku Hague la 1961 amagwiritsa ntchito chidindo chimodzi chotchedwa apostille, ndipo China nayo inayamba kutsatira panganoli mu Novembala 2023. Kumaiko amene sali m'panganoli, chikalata chimadutsa ku unduna woona za ubale ndi maiko ena wa dziko lanu, kenako ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupitalo. Mudzafunikanso chikalata cha apolisi chosonyeza kuti simunapalamulepo mlandu, ndipo chimenechi chimatha mphamvu pakapita miyezi yochepa, kawirikawiri isanu ndi umodzi. Choncho musachitenge msanga kwambiri: yambani ndi digiri, chikalata cha apolisi chibwere ntchito ikayandikira. Powerengera nthawi, kumbukirani kuti chaka cha sukulu chimayamba mu Marichi ku South Korea, mu Epulo ku Japan, mu Meyi ku Thailand ndi mu Seputembala ku China, ndipo kulemba aphunzitsi kumachitika miyezi ingapo zisanafike nthawi zimenezi.

Tsopano tifike pa kontirakiti, pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna chifukwa chosangalala ndi chiwerengero cha malipiro. Werengani mzere uliwonse, ndipo pamene palembedwa maola, funsani kuti ndi maola ati. Kontirakiti ikhoza kunena kuti mudzaphunzitsa maola 25 pa sabata, koma pansi pake n'kukhala ndi chiganizo chaching'ono chakuti mphunzitsi azipezeka pasukulu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kukonza maphunziro, kuchonga ntchito za ana ndi kukumana ndi makolo popanda malipiro owonjezera. Funsaninso ngati ola likutanthauza mphindi 60 kapena phunziro limodzi la mphindi 40 kapena 45, chifukwa maola 25 a mphindi 60 akagawidwa m'maphunziro a mphindi 40 amakwana maphunziro oposa 37, ndipo lililonse limafuna kukonzekera kwake. Onani amene adzalipire tikiti ya ndege, viza ndi inshuwalansi ya chipatala. Onani ngati nyumba ikuperekedwa kapena mudzalandira ndalama za lendi. Onaninso zimene zidzachitike mukafuna kusiya ntchito chaka chisanathe. Ku South Korea lamulo limapatsa munthu amene wakwanitsa chaka chathunthu ndalama zofanana ndi malipiro a mwezi umodzi, ndipo n'chifukwa chake olemba ntchito ena osakhulupirika amapezera mphunzitsi zifukwa m'mwezi wa khumi ndi umodzi. Musanasaine, pemphani kuti akulumikizeni ndi mphunzitsi amene akugwira ntchito pasukulupo panopa, ndipo mulankhule naye pamene bwana palibe. Sukulu imene ikukana pempho limeneli yakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Pali zinthu ziwiri zimene simuyenera kuvomera m'pang'ono pomwe. Choyamba ndi kuyamba ntchito ndi viza ya mlendo wodzacheza, pokhulupirira lonjezo lakuti chilolezo chogwirira ntchito chikonzedwa mukafika. Apolisi akabwera, amene amalipira chindapusa, kutsekeredwa kapena kuthamangitsidwa m'dziko ndi inuyo. Chachiwiri ndi kusiya pasipoti yanu m'manja mwa bwana kuti akusungireni. Ikafunika ku ofesi ya boma, pitani nayo limodzi kapena mulandire chikalata chosonyeza tsiku lobwezera. Chenjeraninso ndi ejenti wofuna kuti mumulipire ntchito isanapezeke, popeza m'ntchito imeneyi maejenti odalirika amalipidwa ndi sukulu.

Nyamulani ndalama zokwanira kukhalira miyezi iwiri, chifukwa malipiro oyamba amabwera pakutha pa mwezi woyamba kapena mkati mwa wachiwiri, pamene ndalama za chikole cha nyumba, za foni ndi za mayendedwe zimafunika sabata yoyamba.

M'kalasi mwenimweni, vuto lalikulu la mphunzitsi watsopano ndi kulankhula kwambiri. Tayerekezani ana 30 a zaka zisanu ndi zitatu amene akukuyang'anani, inu n'kuwauza m'chiganizo chimodzi chachitali kuti atsegule mabuku pa tsamba 12, akhale awiriawiri, wina afunse mafunso ndipo wina ayankhe. Palibe amene amasuntha. Mumabwereza mokweza mawu, mwana wa kutsogolo n'kugwedeza mutu mwaulemu ngakhale sanamve kanthu. Njira yake ndi kudula malangizowo: kwezani buku m'mwamba, lembani 12 pabolodi, dikirani mpaka onse atsegule, itanani mwana mmodzi kutsogolo kuti muchite naye chitsanzo onse akuona, ndipo pokhapo auzeni ayambe. Funso lakuti kodi mwamva silithandiza, chifukwa m'maiko ambiri mwana sangauze mphunzitsi kuti sanamve. M'malo mwake funsani kuti ndani ayambe kufunsa, ndipo yankho lidzakusonyezani ngati amva. Phunziraninso galamala ya chinenero chimene mumachilankhula mosaganizira, popeza wophunzira wamkulu adzakufunsani kusiyana kwa "I have eaten" ndi "I ate", ndipo kumuyankha kuti zimangomveka bwino choncho sikudzamukhutiritsa. Mphunzitsi amene Chingerezi anachita kuchiphunzira amapambana pa mfundo imeneyi, chifukwa amakumbukira pamene iye mwini ankapunthwa.

M'sukulu zambiri za boma ku Japan ndi ku South Korea mudzaphunzitsa limodzi ndi mphunzitsi wa m'dzikolo, amene ndiye mwini kalasi. Musamukonze zolakwa pamaso pa ana. Dikirani phunziro lithe, mukambirane muli awiri. Munthu ameneyu ndi amene adzakuthandizeni kutsegula akaunti ku banki, kumasulira kalata yochokera ku ofesi ya msonkho ndi kukuperekezani kuchipatala mukadwala.

Kunja kwa sukulu, yambani kuphunzira chinenero cha kumaloko musananyamuke, ngakhale manambala, moni ndi mawu ofunsira njira okha. Zilembo za Chikoreya, zotchedwa Hangul, zilipo 24 zoyambira ndipo munthu akhoza kuziloweza m'masiku ochepa, zimene zimamuthandiza kuwerenga zikwangwani za basi kuyambira tsiku loyamba. Kusungulumwa kumakonda kubwera m'mwezi wachitatu kapena wachinayi, chidwi cha zinthu zatsopano chitazirala, ndipo kumapepuka kwa munthu amene anapeza kale gulu la masewera, la mapemphero kapena kalasi ya chinenero kumene amakumana ndi eni dziko. Musanayambe kuphunzitsa anthu mwapadera madzulo kuti muwonjezere ndalama, onetsetsani zimene viza yanu imalola, chifukwa ku South Korea ndi ku China chilolezo chimakumangirirani kwa bwana mmodzi, ndipo kugwira ntchito kwina popanda kuvomerezedwa ndi mlandu. Pomaliza kontirakiti, tengani kalata yotsimikizira kuti munagwira ntchito pasukulupo, yokhala ndi masiku, siginecha ndi chidindo, musanakwere ndege, popeza sukulu zolipira bwino za ku United Arab Emirates ndi Saudi Arabia zimafuna umboni wolembedwa wa zaka zimene mwaphunzitsa, ndipo kalata yotere imavuta kuipeza mukachoka.