Momwe mungathyolere kudzikuza mu mpingo

Abale, kudzikuza kumabisala mu ntchito za Mulungu zenizenizo, n'chifukwa chake ndimakuopa kuposa mowa. Woledzera amadziwa kuti wagwa, koma wodzikuza amangoimba kwaya n'kumadziona ngati ali bwino.

Yambani ndi pemphero lanu. Werengani Luka 18:9-14, kenako mudzimvetsere mukamapemphera. Ngati mukuthokoza Mulungu kuti simuli ngati mnansi wanu wa ku Chinamwali uja, mwaima pamalo a Mfarisi.

Kenako sankhani ntchito imene palibe adzakuyamikireni. Pamaliro ku Sadzi kapena ku Matawale, musathamangire mpando wa kutsogolo. Abambo, kathandizeni adzukulu kumanda ngakhale muli mphunzitsi wa ku yunivesite. Amayi, katungeni madzi, mutsuke miphika ya nyemba. Yesu anamanga chopukutira m'chiuno n'kusambitsa mapazi a ophunzira ake, ndipo Yudasi anali pomwepo.

Pa tsiku la zopereka zapadera, ikani ndalama mu envulopu yopanda dzina.

Chovuta kwambiri ndi kupepesa. Pitani nokha, osatuma mkulu wa mpingo, mukanene kuti "ndinalakwa, mundikhululukire". Musawonjezere kuti "koma nanunso".