Chala cha mwana si khoswe

Chimanga chalowa m'nyumba, makoswe achuluka ku Chawama, Kanyama ndi Matero mu Lusaka, ndipo aliyense akusaka kamwana ka mphaka. Cholakwika chomwe chikuoneka khomo ndi khomo n'chimodzi: anthu akutenga tiana ta masabata 4 kapena 5, tisanaleke n'kuyamwa komwe, n'kumatiseweretsa ndi zala.

Kamphaka kamaphunzira kwa make ndi abale ake kuti kuluma kuli ndi malire. Kakaluma kanzake mopweteka, kanzakeko kamalira n'kuleka masewera. Mukakachotsa kasanakwane masabata 8, maphunzirowo mwawadula. Ndiye mwana akamakagwedezera chala, kapena phazi pansi pa bulangeti, akukaphunzitsa kuti khungu la munthu ndi nyama yosaka. Lero nyumba yonse ikuseka. Pofika miyezi 6 kapena 7 mano aukulu onse 30 amakhala atatuluka, kuseka kuja n'kusanduka kulira.

Bambo wina woweta nkhuku ku Makeni adalimbikira kuti mphaka wawo walodzedwa, poti ankaluma mdzukulu madzulo alionse. Pofufuza, mdzukuluyo ankamugwiragwira pamimba, pomwe amphaka ambiri safuna. Bambowo adamuthira mphakayo patapata, mawa lake n'kulumidwa iwo eni. Kumenyaku tidzaleka liti? Mphaka womenyedwa amangophunzira kuopa dzanja, ndipo wamantha ndiye amaluma mozama.

Chikhalirenicho mphaka amachenjeza, ife ndife osapenya. Mchira ukamakwapula pansi, makutu atagonera kumbuyo, khungu la pamsana likunjenjemera, chotsani dzanja.

Bala lake musalipeputse. Manowo ndi osongoka ngati singano. Pamwamba pamatseka msanga, tizilombo ta Pasteurella titatsalira mkati, ndipo dzanja limatha kutupa tsiku lisanathe. Za chiwewe mukudziwa kale, chikangoonetsa zizindikiro palibenso mankhwala.

Zochita n'zapafupi. Mangani nthenga za nkhuku pachingwe cha kamtengo, mumuseweretse mphindi 10 kawiri patsiku, manja ali kutali. Akagwira dzanja posewera musalikoke, lisiyeni duu mpaka alekerere, kenako muchokepo. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, apite kukiliniki tsiku lomwelo. Kamphaka kabayitseni katemera wa chiwewe kakakwana miyezi 3. Mphaka wofatsa akayamba kuluma mwadzidzidzi, kamuonetseni kwa dokotala wa ziweto, mwina dzino kapena bala likumupweteka.