Momwe mungagwiritsire ntchito foni pothandiza ana ovutika kuwerenga m'kalasi imodzi ndi anzawo

M'sukulu zambiri za mumzinda wa Blantyre, kaya ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni, makalasi amakhala odzaza kwambiri moti mwana amene amasokoneza b ndi d, kapena amene amaiwala lero zimene anawerenga dzulo, amangotchedwa waulesi mpaka kubwereza kalasi. Njira imene ndikulongosola pano imafuna foni imodzi ya Android ndi bandulo ya WhatsApp, ndipo mwanayo sachotsedwa pakati pa anzake.

Yambani ndi kudziwa vuto lenileni. Mumvetsereni mwanayo akuwerenga ndime yaifupi, lembani pamene akupunthwa, kenako funsani mphunzitsi wa maphunziro apadera, monga amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Mlangizi wa maphunziro wa zoni yanu angakuuzeni sukulu imene mphunzitsi wotereyu ali. Ana ena vuto lawo ndi maso kapena makutu, ndipo amenewo ayambe akaonedwa kuchipatala.

Mukatero konzani foni. Lowani mu Settings, pitani pa Accessibility, kulitsani zilembo, ndipo yatsani Select to Speak, imene imawerenga mokweza mawu amene mwawakhudza pagalasi.

Apa ndi pamene ntchito inandivuta, ndipo ndikupemphani kuti musamalepo. Pa ndime za Chingerezi foni imawerenga bwino, makamaka mukachepetsa liwiro la mawu ake, koma mukaipatsa Chichewa imatchula monga mlendo amene wangotsika ndege ku Chileka. Mawu ngati ng'ombe, nkhwangwa ndi mphunzitsi amatuluka ophwanyika. Mwana wina wa Sitandade 3 amene ankalimbana ndi maphatikizo a nkh ndi mph anayamba kutchula motsanzira foniyo, anzake anamuseka, ndipo anasiya kukweza mkono. Mwana wovutika kugwirizanitsa chilembo ndi liwu lake amakhulupirira chilichonse chimene khutu lamva, choncho liwu lolakwika likakhazikika, kulichotsa kumatenga nthawi yaitali kuposa kuphunzitsa lolondola pachiyambi.

Pa Chichewa, jambulani mawu anu. Lembani chiganizo chimodzi papepala ndi zilembo zikuluzikulu, chijambuleni chithunzi, chiikeni pa WhatsApp, ndipo pansi pa chithunzicho ikani uthenga wa mawu wosapitirira mphindi imodzi. Tchulani pang'onopang'ono, poyamba phatikizo lililonse palokha, nkhwa, ngwa, kenako liwu lonse, ndipo siyani kampata kakuti mwanayo abwereze. Chitani zimenezi ana ataweruka, chifukwa phokoso la nthawi yopuma limameza mawu. Uthenga wa mawu sudya bandulo ngati vidiyo, kaya muli pa Airtel kapena pa TNM, ndipo umatumizika ngakhale netiweki ikuvuta.

Kunena za posungira maphunzirowa, chenjerani ndi mamemore khadi a m'mbali mwa msewu ku Limbe, olembedwa 64GB koma a mtengo wotsika modabwitsa. Amalandira zinthu bwinobwino tsiku loyamba, kenako mukatsegula mupeza mulibe kanthu. Mahedifoni otsika mtengo nawo amafa mbali imodzi msanga, choncho ayeseni musanalipire.

M'kalasi, musamupatse foni mwanayo yekha, chifukwa pamenepo mwamuloza chala pamaso pa onse. Pangani gulu la ana anayi kapena asanu momwe muli odziwa kuwerenga, ndipo azimvera mosinthana akulondola mzere ndi chala. Nthano zaulere za Chichewa zokhala ndi zithunzi mungazipeze pa tsamba la African Storybook n'kuzisunga m'foni. Ngati sukulu yanu inalandira matabuleti a BEFIT, pulogalamu ya boma yothandiza ana kuphunzira kuwerenga ndi masamu, onetsetsani kuti ana ovutikawa sakuphonya nthawi yawo.

Makolo atumizireni mauthenga omwewo aliyense payekha, osati pagulu la WhatsApp la kalasi, ndipo musajambule mwana iwo asanavomere. Amene ali ndi foni yamabatani muwaikire kudzera pa Bluetooth. Lachisanu lililonse jambulani mwanayo akuwerenga ndime yomwe ija, muyerekeze ndi ya sabata yatha, ndipo maphatikizo amene akumuvutabe akhale oyamba Lolemba.