Kaponyedwe ka nangula ku Cahora Bassa ndi pa Zambezi

Anzanga ochokera ku Angónia amene mwayamba usodzi kuno, nangula ndi chija Apwitikizi amati âncora, chitsulo cha ngowe chogwira boti kuti lisatengedwe ndi madzi. Kutchalitchi mumamva pa Ahebri 6:19 kuti chiyembekezo ndi nangula wa moyo, koma pamadzi ndi nkhani ya chingwe basi.

Choyamba mangani chingwe kutsogolo kwa boti, osati pambali, pambali funde likabwera limagubuduza bwato nthawi yomweyo ndipo ine ndinaona ndi maso mnyamata akutaya ukonde ndi nsomba zonse chifukwa cha zomwezi. Lozetsani mutu wa boti kumene kukuchokera mphepo kapena madzi, tsitsani nangula pang'onopang'ono, musamuponye ngati mwala chifukwa chingwe chimapiringizana. Ndiye chingwecho chikhale chachitali kasanu kuposa kuya kwa madzi, pa mamita 4 tulutsani mamita 20, chikagona choncho ngowe imakumba pansi bwino, chikaima chilili nangula amangokwekwereka.

Mukatero yang'anani mtengo kapena phiri kumtunda, likamasuntha ndiye kuti simunagwire, kokani muyambirenso.

Cahora Bassa pansi pake pali mitengo yomizidwa kuyambira pomwe damu linatsekedwa mu 1974, nangula amakodwa kwambiri. Mangani kachingwe kena kumunsi kwa nangulayo, kumene kuli ngowe, ndi chigubu choyandama, akakodwa mumakokera pamenepo. A bwato lamtengo mwala m'thumba umagwira ntchito ya nangula, koma pamchenga wa Zambezi madzi akathamanga umatsetsereka, musaudalire usiku.