Mmene mungachongerane ma asayimenti pa Moodle osadana

Lekichala akatsegula gawo lotchedwa Workshop pa Moodle, pulogalamu yophunzirira pa intaneti, ndiye kuti ntchito yanu ichongedwa ndi anzanu a m'kalasi, inunso muchonga zawo. Ena zimawaopsa, ena amangogawana malikisi ngati mtedza, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapwetekera.

Malikisi amabwera pawiri. Ngati lekichala sanasinthe kalikonse, Moodle imaika 80 pa ntchito yomwe mwatumiza ndi 20 pa kachongedwe kanu, ndipo 20 ameneyu imawerengera poyerekeza mmene mwachongera inu ndi mmene ena achongera pepala lomwelo, ndiye mukamukondera mnzanu poti mumadyera limodzi chipisi pomwe ena onse aona kuti ntchitoyo ndi yosapsa, oluza ndinu.

Tumizani yanu msanga. Musadikire usiku womaliza, magetsi amathima, bandulo imatha fayilo ili pakati.

Nthawi yochonga ikafika tsegulani kaye rubric, ndandanda ya mfundo zochongera yomwe lekichala waika, muiwerenge musanaone dzina la mwini ntchito. Ntchitoyo werengani kawiri, koyamba mungomva zomwe munthuyo akufuna kunena, kachiwiri ndiye muzichonga mfundo imodziimodzi. Koma mbali yomwe ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa nambala ndi ndemanga. Kungolemba kuti "zili bho" sikuthandiza munthu ayi, wakhala usiku wonse akutayipa pa foni ya sikilini yosweka kenako alandire mawu awiri basi? Lozani malo enieni. Lembani kuti "Achimwene, ndime yachitatu mwanena kuti feteleza wakwera mtengo koma simunaonetse komwe mwazitenga, ikanipo." Yambani ndi chomwe wachita bwino, chenicheni osati chongomusangalatsa, kenako zokonza ziwiri kapena zitatu. Mukamuunjikira khumi amangotseka foni.

Inu mukalandira ndemanga yowawa musathamangire ku gulu la pa WhatsApp kukalalata, igoneni kaye, mawa muione bwino. Ngati mukuonabe kuti wakulakwirani auzeni lekichala, ali ndi mphamvu yosintha malikisiwo.

Pa ntchito ya pagulu pamakhala uja wongoti "ndilipo" kenako zii mpaka tsiku lotumiza. Musalole kuti akudyereni masuku pamutu. Gawanani zigawo tsiku loyamba lomwelo, mulembere mu Google Docs aliyense ndi akaunti yake, chifukwa version history imaonetsa amene walemba chiyani komanso liti. Komano munthu akasowa muimbireni kaye musanamuchotse dzina, mwina foni yabedwa kapena ali ku maliro.